Ufupi wa kwathu unachokera kuphiri

Sekani, a Matewere, sekani mano onse aoneke. Ine ndabwera pakhonde panu ngati nkhoswe, kudzafunsira Tiyamike, mwana wa mlongo wanu, kuti akwatiwe ndi Layisoni, mwana wa mlongo wanga, koma inu mwangomuyeza mnyamatayu ndi maso n'kunena kuti mtundu wathu ndi wa zitsa, simufuna adzukulu osochera mumpunga. Chabwino. Musanatibweze, mumve kaye kumene ufupi umenewu unachokera, ndipo wotsutsa aimirire, ine wamtali sindimuopa.

Ine mukundionayu ndinali chimunthu. Mango ndinkathyola chowerama. Chingwe cha belu la kutchalitchi chikaduka sankafuna makwerero, ankangotuma mwana kwa ine. Minibasi ndinkakwera khosi lili pawindo, mutu n'kufika ku Malosa, kupereka moni, kufunsa za odwala, miyendo ikadali pa Domasi ikukangana ndi kondakitala. Mukumva?

Ndiye chaka china, mwezi wa Juni, malemu akazi anga ali oyembekezera, mtima wawo unafuna mabulosi a m'phiri. A pamsika anawakana. Ndinakwera. Masiku amenewo pamwamba paja panalibe tizitsamba timene mumationa lero. Zonse zinali zazitali, zamatama ngati ine ndemwe, udzu wopikisana ndi bulugama, masamba otambalala ngati malichero. Nditangodzaza chipewa ndi mabulosi, chiperoni chinabwera, osati kamene kamakuwazani kuno kumunsi mukuotha moto ayi, koma make weniweni, mphepo yozula mitengo ngati mbande za mpunga, kuzizira kwakuti ndikalavula, malovu ankauma m'malere n'kundibwerera pamphumi ngati mwala wa legeni, onani chipsera ichi, nyani akuuluka chondipitirira atagwirana michira, wina mpaka anandigwira dzanja kutsanzika. Ndinachita mantha, sindikubisirani. Koma mabulosi a mkazi wanga ndiwataye?

Ndinadzipinda ngati nkhata, chipewa pamimba. Zala zakumiyendo ndinazilowetsa mumng'alu wa thanthwe, zinatsika, zinatsika, kuboola phiri lonse mpaka kukamwa madzi mumtsinje wa Domasi, amayi ochapa akumenyerapo zovala poyesa mizu ya mkuyu, ine kumtunda ndikungoti mayo, mayo, osadziwa wondimenya. Thupi lonse linamera ubweya, uwu wa m'makutuwu ndi wotsala. Khungu linakhuthala, makutu anachepa kuti mphepo isowe pogwira, ndipo utali wanga wonse unathera pansi. Mukumva, a Matewere? Sunatayike ayi, unalowa pansi.

Mphepo inalimbana nane mpaka inatopa. Nditasuzumira, ndinaona zomera zimene zinapulumuka zikundiyang'anitsitsa. Zinazindikira kuti wamtali aliyense wagona chagada, wotsala ndi uyu wakumbatira nthaka. Basitu, nazo zinayamba kunditsanzira: kufupika, kuunjikana pamodzi kuti zifunditsane, timasamba ting'onoting'ono tokhuthala, tina taubweya ngati tavala juzi, mizu yokha yotalika kuposa mwini wake. Mphepo ija inathawa ndi manyazi, koma poti ndi ya pakamwa, inakaulula nkhani yanga ku Mulanje, ku Nyika, mpaka kumapiri a kutsidya kwa nyanja kumene madzi amagona ali miyala. Ngati ndikunama mufunseni Tiyamike, paja zomera ndi zimene anakaphunzira kukoleji. Akuuzani kuti pamwamba pa phiri lililonse lalitali padziko pano zomera zake ndi zazifupi, zogwirana, zoyamba kukumba zisanadzionetse. Mabuku ake sanditchula dzina, koma ndi nsanje chabe.

Nditafika kunyumba akazi anga anatenga munsi, ankayesa nungu yalowa pakhomo. Anandizindikira ndi chipewa. M'menemo munalibe bulosi lophwanyika ngakhale limodzi.

Ndakuonani mukufuna kundikola. Mukuti Layisoni ndi mwana wa mlongo wanga, ufupi wanga anautengera pati? Mayi ake anandiseka ali ndi pakati! Anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo inu mukudziwa chimene chimachitikira woyembekezera akaseka munthu. Choncho amene akuseka kuseri kwa chitseko uko adzifunse kaye ngati ali yekha.

Tsono tikambe zoona, ngakhale zonsezi n'zoona. Akamwini ataliatali mwawaona m'mudzi muno. Njala ikangoomba pang'ono, uyu ku Joni, uyu ku Limbe, foni osayankha. Ine akazi anga anatsogola kalekale, abale anabwera kudzanditenga kuti ndibwerere kwathu, anakoka mpaka anatopa. Ndikadali pakhomo pomwe anandisiya, ndikusesa pamanda pawo, ndipo ndimawasowa tsiku lililonse. Mnyamata uyu ndi mbewu yomweyo. Denga mudzafolera nokha, safikira. Koma mwana wanu sadzadzuka n'kupeza mphepo itamutengera mwamuna.

Mwasiya kuseka. Ndiye kuti tambala wa chinkhoswe tibwere naye? Eya, ndamva. Layisoni, tandigwira dzanja nditsike, mpando wa eni akewu miyendo sikufika pansi. Musaseke, a Matewere, inayo ili m'phiri, ikumwa madzi.