Mbewu ya ku Ulaya ya Komandanti Joaquim

Nzeru yake inabadwira m'botolo la kachasu ku Matundo, pafupi ndi mzinda wa Tete, m'njala ya 1984. Mwini nzeruyo anali Joaquim, wotchedwa Komandanti, ngakhale kuti nkhondo anaithawa ku Angónia atanyamula mphasa yokha. Wachiwiri wake anali Bernardo, wotchedwa Injinyero chifukwa anakonzapo wailesi imodzi, imene sinalankhulenso.

Komandanti anati kutsidya kwa Zambezi, kunyumba yoyesera mbewu, kwafika chimanga cha ku Ulaya, ndipo mlonda wake amagona dzuwa likafika paliwombo, ngati munthu aliyense wanzeru wa ku Tete. Akatenge, akagayitse, ana adye.

Kuba kwake kunali kochititsa manyazi, chifukwa panalibe wowaletsa. Anatuluka ndi timatumba tisanu, kalikonse kali ndi kachikwangwani kachikasu kojambulidwa masamba atatu akuda. Injinyero anamasulira kuti ndi mbewu yobereka katatu.

Apa m'pamene chikhalidwe cha kwawo chinawapweteka. Mbala yeniyeni ikanathamangira kuchigayo. Koma munthu wa ku Angónia akagwira mbewu yonenepa mvula ili pafupi, manja amamuyabwa. Anagwirizana zodzala. Komandanti anauza mkazi wake Felismina kuti chimanga cha makolo chimene ankasunga m'chitini, mbewu yokhayo imene anathawa nayo kunkhondo, angokazingira ana. Felismina anakana masiku atatu. Tsiku lachinayi ana analira kwambiri, ndipo anakazinga mtima ukumuwawa.

Anadzala m'mphepete mwa Zambezi, thumba lililonse mzere wake. Poopa akuba, Komandanti anazika tizikwangwani tija kumapeto kwa mizere, kuti munda uoneke wa boma.

Mzere woyamba unamera bwino. Wachiwiri unamera mopindikapindika, wachitatu unatuluka woyera ngati pepala, yotsalayo sinavutike n'kumera komwe. Anthu ankabwera kudzaonerera. Mbiri inawoloka mlatho, ndipo tsiku lina kunafika mwini mbewu, Dotora Catarina, ndi amilisiya awiri.

Komandanti anakana zonse, ataima pambali pa chikwangwani.

Dotora sanakalipe. Anafotokoza kuti mbewuzo zinatumizidwa kunja kukawombedwa ndi cheza champhamvu cha makina, thumba lililonse mlingo wake, kuti aone mmene chezacho chimasokonezera mapuloteni ndi RNA, timauthenga touza mbewu zochita ikamamera. Injinyero anagwedeza mutu n'kunena kuti iye ankaganiza zomwezo.

Kenako Dotora anayenda m'mizere muja, natulutsa kope.

"Anadzala ndani?"

"Sitikudziwa, kamarada," anatero Komandanti.

"Ndi katswiri. Antchito anga amasakaniza matumba."

"Ndine, Dotora. Chingwe ndinakoka ndekha," anatero Komandanti.

Amilisiya anayang'anana. Mlandu wosavuta chotere anali asanaugwirepo.

Dotora anawauza kuti amusiye. Munthu wamugwirira ntchito yabwino. Komandanti anapuma, poti ankadziona kale ali pa lole ya ku Niassa, kumene boma linkatumiza olakwa kukalima mokakamizidwa. Felismina yekha ndiye anafunsa chimene banja lake likolole. Dotora anayankha mwachisoni kuti mzere woyamba wokha ndiwo sunawombedwe, koma nawonso auzula lero lomwe, akaupime poyerekeza ndi inayo.

Felismina anaonerera mbande zikulowa m'thumba mpaka yomaliza. Atatero anatembenukira amilisiya.

"Makamarada, musabwerere chimanjamanja. Bambo awa atengeni. Kwanuko mwina mumadyetsa."