Chitsulo Choitanira Azaumoyo

Lolemba
Mutu wangawu Mulungu anauumba atakhuta! Bwana wa zaumoyo ku boma akubwera Loweruka. Chipatala chimene antchito ake amasonkhana msanga pakagwa ngozi chilandira bwato la injini. Ife Shire akasefukira timapita kwa odwala pa ngalawa yodontha. Pulani: chitsulo cha thirakitala mumtengo, ine kumenya, onse kuthamangira pano. Basi!

Lachiwiri
Ngwe! Ngwe! Pabwalo zii, ngakhale odwala athawa. Madzulo akutulukira a Zuze, otemera katemera: "Pepani bwana, tinayesa anyamata ogulitsa makadi a chipani mokakamiza aja. Nawonso amamenya chitsulo." Kani palibe amene ali ndi khadi la chaka chino! Komabe liwiro lilipo, kolowera kokha n'kolakwika.

Lachitatu
Lero ng'oma. Akubwera amayi a mudzi wonse, nsalu zofanana, ati ndi kuyeserera gule wa alendo. Kutsogolo Mai Fole, azamba athu, chiuno ngati mulibe fupa. Mmodzi wafika! Tikupita patsogolo.

Lachinayi
Njinga. Ndikutuma a Zuze khomo ndi khomo. Ndaiwala kuti kuno wachipatala akamapalasa mwaliwiro ndiye kuti wanyamula uthenga wa maliro. Makomo angapo ayamba kale kulira. Atamva kuti palibe wafa, awalandira ndi mowa wa uchema. Akubwera akukankha njinga, kaya njingayo ndiyo ikuwakankha.

Lachisanu
Ndabwerera ku chitsulo, koma lero ndikuwatsatira antchito angawa kuti ndione kumene amathawira. Onse lowu m'chisakasa cha odwala kolera! Anyamata a makadi saponda m'menemo, amaopa kutsegula m'mimba. Ndipo kuti asaoneke obisala: majombo kuphazi, maepuloni, ndowa m'manja. Ndikuvina ndekha kuseri kwa thanki ya madzi.

Loweruka
Bwana afika. Ngwe! Fumbi koboo! Ndikuwatengera ku chisakasa mwaulemu. Onse alimo, ovala, akupuma wefuwefu. "Chinsinsi chake n'chiyani?" akufunsa bwana. "Mwambo, bwana." Bwato n'lathu! Mtima uli mbee.

Lamulungu
Atcheya a chipani amva za kupambana kwathu. Akuimirira m'tchalitchi: "Anthu achitukuko ngati awa asamayende opanda makadi." Aliyense wagula lake pakhomo potuluka. Masana ndikumenya chitsulo mpaka mkono kuwawa. A Zuze ali pamkeka, akudzikupiza ndi khadi, osadzuka. Shire wayamba kufiira, asefukira posachedwa. Bwato lifika mawa, ndiyambe kuphunzira kuliza injini ndekha.