Azakhali Apukuta Windo

Lolemba

Pulani ya sabata ino, ndipo asandisokoneze munthu:
1. Kumaliza masamu a chaputala chomaliza.
2. Lachisanu kukaonetsa Pulofesa ku Coventry.
3. Kutchuka.

Chaka chachitatu tsopano ndikusaka kanthu kochepa kuposa atomu, kamene kamabadwa n'kufa munthu asanaphethire. Palibe anakaonapo. Masamu ake ali ndi zigawo makumi anayi. Zambiri zimatulutsa nambala zopanda malire, koma ukaziphatikiza bwino zimadyana zokhazokha, n'kutsala kanambala kamodzi. Kanambala kameneko ndiye PhD yanga. Pulofesa anenetsa kuti ndikapanda kukaonetsa Lachisanu chaputalacho achichotsa, ndipo popanda icho buku langa litsala ngati pulogalamu ya ukwati. Visa nayo sidikira munthu.

Bolodi inadzaza kalekale, ndiye zigawo khumi zomaliza zili pawindo la pabalaza. Kuzijambula pafoni? Ndikamaliza. Katswiri sajambula ntchito yosatha.

Madzulo afika Azakhali, alongo awo a bambo, kuchokera ku Lilongwe. Apeza ntchito ya care, yosamalira okalamba, ku Bilston, akhala kuno ku Bordesley Green mpaka chipinda chawo chipezeke. Akuyang'ana windo nthawi yaitali. "M'nyumba muno muli ana?" Ayi, Azakhali, ndine ndalemba. "Ooh."

Lachiwiri

"Iwe poti supita kuntchito, undiperekeze." Sindipita kuntchito! Inde, mapepala onsewa ndimangosewera nawo.

Zimene sayansi yapindula lero:
– nsapato zakuda za pa shift
– SIM card
– njira ya basi ndi tramu (kasitima ka m'tauni) mpaka ku Bilston, kupita ndi kubwera, kenaka kupitanso kuti ikhazikike m'mutu

Pamsika takumana ndi mayi wina wa ku Chipata. Azakhali akundionetsa: "Mwana wa achimwene uyu, amaphunzira tinthu tosaoneka." Mayiyo: "Majeremusi?" Ayi. "Mizimu?" Azakhali: "Chapakatikati pamenepo."

Zigawo zimene ndamaliza: palibe.

Lachitatu

Ndadzutsidwa ndi tsache. Azakhali akuti ulendo watha m'thupi, tsopano agwireko ntchito. Mapepala anga amene anali pansi, mundondomeko imene ndimaidziwa ndekha, asanjidwa bwinobwino patebulo: aakulu pansi, aang'ono pamwamba. Kukongola kwake!

Pumulani, Azakhali, ndinu alendo. "Ndizingodya n'kumagona m'nyumba ya mwana? Bambo ako akamva adzati chiyani?"

Ndikufuna kunena kuti musakhudze windo. Mawu awiri okha. Koma munthu amene ankakusambitsa uli wamaliseche umamuikira bwanji malamulo? Ndiye ndazungulira mwaulemu, monga tinaleredwera: windoli, Azakhali, lili bwino mmene lililimu, musavutike nalo. Ayankha, "Usadandaule, mwanawe, si vuto."

Tamvana. Mtima uli m'malo.

Lachinayi

Maola awiri ku laibulale, kufuna bata. Awiri okha!

Ndikulowa m'nyumba, kuwala. Kuwala kumene sindinakuonepo chilowere muno. Fungo la viniga. Azakhali aima ndi nyuzipepala yonyowa m'manja, nkhope yonse chimwemwe.

"Taona! Ma neighbour amationa ngati anthu osasamba. Zina zinakanirira, koma ndalimbana nazo. Bolodi ndaisiya, ndaona kuti ija ndi ya sukulu."

Miyezi isanu ya moyo wanga.

Zimene zikuoneka pawindo tsopano, bwino kwambiri:
– mabini atatu
– basi yopita kuchipatala
– njiwa imodzi yondiyang'ana

Ndipo ine, wasayansi, ndati chiyani? "Zikomo kwambiri, Azakhali." Ndathokoza! Ndi manja awiri! Kenaka ndadzitsekera m'bafa. Ndalira, sindibisa.

Lachisanu

Coventry. Ndafotokoza zonse. Pulofesa akuyesetsa kusaseka, akuyang'ana kudenga, alephera. "Sunajambule?" Ayi. "Sunawauze kuti asapukute?" Ndinawauza. "Unati chiyani?" Ndabwereza mawu anga aja. "Pamenepo wawauza kapena wawapempha?"

Munthu wodziwa zimene zimachitika m'kati mwa atomu, koma za azakhali mbuli yeniyeni.

Andipatsa mpaka Lolemba m'mawa, osapitirira. M'sitima ndikuyesa kukumbukira windo lija. Ndikungoona njiwa.

Loweruka

Azakhali apita ku shift yawo yoyamba. Ine patebulo, kuyambiranso zigawo khumi zija, papepala, ngati munthu wanzeru.

Gawo la 31, bwino. La 32, bwino. La 33 likutuluka ndi minus.

Pawindo panali plus. Ndikukumbuka, pakona pafupi ndi chogwirira, pamene nthunzi imakonda kuyenderera kukazizira. Dontho limodzi linatsetsereka pakati pa minus wanga n'kumusandutsa plus, ine n'kumangapo nyumba yonse.

Ndabwereza katatu. Minus, minus, minus.

Ndaphatikiza zonse makumi anayi. Zopanda malire zadyana monga mwa lamulo. Zadyanso kanambala kanga. Yankho: ziro. Osati pafupi ndi ziro. Ziro wathunthu, wonenepa.

Kanthu kanga kaja, kamene kanali koti kanditchukitse, ndi thukuta la windo.

Lamulungu

Tchalitchi ku Bilston. Azakhali apereka umboni woti mwana wa achimwene awo ndi waulemu, amathokoza ngakhale pa zazing'ono. Anthu aombera m'manja. Ine ndaweramitsa mutu, akuti kudzichepetsa.

Kuwerengera kwa sabata:
– Ine: zaka zitatu, yankho palibe kanthu.
– Azakhali: mphindi makumi awiri ndi viniga, yankho lomwelo.

Chowawa n'chakuti akanapanda kupukuta, ndikanakaima pamaso pa akatswiri n'kumalengeza dontho la madzi. Mlendo amadzadi ndi kalumo kakuthwa, kungoti kameta ine.

Imelo yopita kwa Pulofesa ndatumiza, mizere itatu. Ayankha msanga: "Ziro nayenso ndi yankho, koma si chaputala." Mutu wina, chaka china, ngati visa ilola.

Ndawauza Azakhali kuti zija anapukuta zinali zolakwika. Sakudabwa n'komwe. "Zimaoneka." Andiikira fomu patebulo, akuti kuntchito kwawo akufuna anthu a weekend. "Manja ako ndi abwino, sanagwirepo kanthu."

Tsopano aima kutsogolo kwa bolodi, manja m'chiuno. "Mawa ndili off. Ija nayo ndiyambe?"

Yambani, Azakhali. Viniga ali pansi pa sinki.