Bichi ya a Zebedee

Bambo Zebedee anamwalira akukhulupirirabe kuti mu Lilongwe muli bichi, ndipo kuti bichiyo ndi yawo. Aliyense wa ku Kawale kuno amene ali ndi mphuno akuikumbukira.

Anali munthu wa ku Ntcheu, wowotcherera mageti ndi mbaula ku Mchesi, wamfupi, wa mimba yotsogola. Nyanja sanaionepo, ndipo ankanena monyadira kuti alibe nayo ntchito. Mkati mwa sabata ankavala ovolosi ngati anzawo, koma Loweruka likakwana ankatulukira atavala kabudula wa maluwamaluwa, magalasi akuda, thawulo m'khosi, reki paphewa. Ngakhale mu June, ife tikunjenjemera m'majuzi, iwo ankadutsa choncho, miyendo itatuwa ngati chinangwa chokanuka, akuuza aliyense kuti tiyeni kubichi.

Ine ndine telala, ndipo shopu yanga inayang'anizana ndi nyumba yawo. Ndinakana kwa zaka zambiri. Amene anandigonjetsa ndi akazi awo, Mayi Lois. Anandiuza kuti ndipiteko kamodzi kokha kuti bambowo asiye kundivutitsa, n'kuwonjezera kuti ndisadye kanthu ndisananyamuke. Mawu achiwiriwa ndinawamvetsa mochedwa.

Kubichiko kunalibe msewu. Tinatsika kumunsi kwa mlatho, n'kulowa kanjira ka m'madimba kotsata mtsinje wa Lilongwe. Kanjira kameneko kanali ndi eni ake, anthu amene amapitako mbandakucha ndi kapepala m'manja, ndiye phazi lililonse linkafuna kuliganizira. Tinalumpha ngalande ya madzi akuda ochita thovu, tinakwawa pansi pa minga, tinadutsa m'bango lotalika kuposa munthu. A Zebedee anali patsogolo akuimba mluzu, n'kumandiuza kuti malo abwino onse padziko lapansi amavuta kufikako.

Ndisawanamizire malemu, maso okha akanakondwa. Mtsinje unakhota n'kulowa pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, n'kusiya kamchenga koyera konga mwezi wongooneka kumene. Pamwamba panali mkuyu waukulu, m'mbali bango. Phokoso la maminibasi silinkamveka. Mphepo sinkalowamo ngakhale pang'ono, ndipo pamenepo ndi pamene panagona vuto, chifukwa pamene mphepo silowa, fungo silituluka.

Chilichonse chimene tauni inataya chinkabwera kudzapumira pagombe limenelo. Matewera a ana otupa ngati mabanzi, majumbo, mabotolo, mawigi, nthenga za nkhuku, matumbo a mbuzi ochokera kumtunda kumene ena ankaphera ziweto. Ntchentche zake zinali zobiriwira zija, zonenepa, zosaopa munthu. Ndinatseka mphuno ndi mpango, fungo linalowera m'kamwa. A Zebedee anayala thawulo lawo, anandiuza kuti ndikhale, iwo n'kuyamba kukokolola zinyalala ndi reki uku akupuma mpweya wambiri ngati munthu amene wafika kwawo.

"Mwaumva mpweya wa kunyanja, Amayi?"

"Ndaumva, Abambo. Nanga chagona apocho n'chiyani?"

"Ameneyo ndi galu. Ndi wodutsa chabe, mawa sakhalapo."

Kenako anatulutsa mandasi m'thumba la kabudula. Ndinabwerera kunyumba chothamanga, ndipo nsapato zimene ndinavala tsikulo ndinaziponya m'dzenje.

Munthu amene ankalimbana nawo kwambiri anali Che Asani, wogulitsa usipa pamsika, wobadwira ku Mangochi m'mphepete mwa nyanja yeniyeni. Kwa iwo mawu akuti bichi m'kamwa mwa a Zebedee anali chipongwe kwa makolo awo onse. Tsiku lina anawauza pamaso pa anthu kuti chithaphwi chawocho ngakhale chule wanzeru sangaikiremo mazira. A Zebedee sanakwiye. Anafunsa Che Asani kuti mtsinje wa Lilongwe umathera kuti. Che Asani anati umakalowa mu Linthipe. Nanga Linthipe? Che Asani anazengereza, kenako anavomera kuti amakathira m'nyanja.

"Basitu," anatero a Zebedee. "Anthu amakwera basi mpaka ku Salima kukasamba madzi amene ine ndasamba kale. Ine ndimasamba akadali atsopano."

Che Asani anayang'ana usipa wawo nthawi yaitali, ndipo akuti madzulo amenewo anadyera masamba.

Chaka china anaona kuti anthu akuopa kanjira kaja, ndiye anaganiza zokhoma boti. Anadula migolo iwiri ya mafuta m'litali, anaiwotcherera, anaikamo mpando wa minibasi yakufa, n'kupaka zonse utoto wa buluu wotsala pageti la munthu. Nkhafi yake inali fosholo. Botilo linkayandama ndithu, koma linali ndi khalidwe limodzi loipa: silinkadziwa kutsogolo. Linkapita likuzungulira ngati mbale yogwera m'chitsime, moti wokweramo ankaona Kawale, tauni, Kawale, tauni, mpaka mseru. A Zebedee ankati anachita dala kuti mlendo aone mbali zonse.

Zonsezi tinkangoseka. Zinasiya kuseketsa pa ukwati wa Jemima, mwana wa mchimwene wanga.

Jemima ndinamulera ndine, ndipo diresi lake ndinasoka ndekha, la mchira wautali, mikanda ndikulumikiza umodziumodzi mpaka maso kuwawa. Mtsikanayo anali ndi khumbo limodzi, loti zithunzi za ukwati wake zikajambulidwe pamchenga m'mbali mwa madzi, ngati zimene ankaona pafoni. Mkwati, Goodwin, mnyamata wofatsa wokonza mafiriji, anamulonjeza osaganiza kuti pakati pa tchalitchi ndi holo palibe nthawi yofikira ku Salima. Masiku atayandikira, anakadandaula kwa a Zebedee. Mwa anthu onse a mu Kawale, anakasankha a Zebedee. Goodwin anali wa ku Area 25, bichiyo anali asanainunkhepo.

Titatuluka m'tchalitchi, galimoto ya akwati inakhotera kumlatho. Ine ndinali m'galimoto yachiwiri, ndipo nditaona kabudula wa maluwamaluwa ataima m'mbali mwa msewu, pamwamba atavala jekete ndi tayi, ndinadziwa kumene tikupita. Ndinatsika ndikukuwa kuti mwanayo asatsike. Koma a Zebedee anali atafotokoza kale kuti asesa malowo sabata yonse, afukizako ndi lubani, ndipo kuti mkwatibwi sangayende m'minga, apita pa boti ngati mfumukazi. Jemima, chimwemwe chili tho, anandiuza kuti Azakhali musadandaule. Ife ena tonse, mkwati, wojambula ndi ankhoswe, tinalowa kanjira kaja ndi nsapato zathu za ukwati.

Tinafika ife poyamba. Mchenga unalidi woyera, koma lubani uja atasakanikirana ndi fungo la masiku onse zinangokhala ngati maliro a nsomba. Ankhoswe aakazi anayamba kulavula. Goodwin thukuta linali kamukamu.

Kenako boti linatulukira pakona likuzungulira, velo ikuuluka, Jemima atagwira mpando ndi manja onse. Litatsala pang'ono kufika, linagunda chinthu chimene chinkayandama pansi pa majumbo. Inali mbuzi, yakufa kalekale, yotupa ngati ng'oma. A Zebedee anati aikankhe ndi fosholo. Fosholo inalowa.

Phokoso lake linali laling'ono, ngati munthu wausa moyo. Zimene zinatsatira sindingazilembe. Ntchentche zinadzuka ngati utsi, wojambula anataya kamera pamchenga n'kugwada m'bango. Jemima anaimirira kuti athawe, boti linapendekeka n'kuwagwetsa onse awiri, ndipo mwana wa mchimwene wanga analowa m'madzi amenewo mpaka m'chiuno, ndi diresi langa.

Goodwin analumphiramo ndi suti n'kumutulutsa. Mchira wa diresi unatuluka utakoka thewera ndi nthenga. Jemima anasanza, analira, kenako anakhala pamwala n'kunena mawu amene anatiumitsa tonse. Anati kuholo sapita, mphete ayivula, munthu amene angamubweretse pamalo otere tsiku loyamba adzamupititsa kuti zaka zikubwerazi. Kuholo anthu anali atadzaza, achibale ochokera ku Dedza, azibusa, gulu la zoimbaimba. Ankhoswe ananyengerera, analephera. Goodwin anagwada m'matope, Jemima osamuyang'ana n'komwe. Ine sindinanyengerere. Mumtima ndinkagwirizana naye.

Apo ndi pamene ndinaona a Zebedee akuvula magalasi akuda aja koyamba. Maso awo anali aang'ono, ofiira, a munthu wokalamba. Anaima patsogolo pa Jemima madzi akuchucha m'jekete.

"Mwana wanga, mnyamatayu sanalakwe. Anandifunsa ngati malowa ndi okongola, ine ndinati ndi okongola, chifukwa kwa ine ndi okongola. Ngati pali wofunika kumusudzula lero, sudzula ine."

Jemima anawayang'ana, kabudula, tayi, nthenga ya nkhuku itamatirira pachipumi. Anayesa kulimba, koma phewa linayamba kugwedezeka. Anaseka uku akulira, n'kusanzanso kachiwiri. Kenako anatambasulira Goodwin dzanja kuti amudzutse.

Tinamusambitsa kwa Mayi Lois ndi sopo wochapira, madzi otentha ndi mandimu, ndipo analowa m'holo dzuwa litapendeka atavala chitenje cha ukwatiwo chimene ndinachimanga ndi mapini. A Zebedee anakaima okha kutsogolo n'kuuza anthu kuti wachedwetsa mwambo ndi iwo. Anthu a mizere yoyambirira anakhulupirira asanamalize kulankhula, chifukwa anali asanasinthe jekete. Diresi lija ndinaliwotcha kuseri kwa shopu. A Zebedee sindinawayankhe moni mpaka mvula inagwa n'kusiya, ndipo iwo sanaleke kupereka moniwo. Jemima ndi Goodwin ali limodzi mpaka lero, ana atatu, koma chithunzi cha ukwati m'nyumba mwawo mulibe.

Boti sanalikwezenso munthu. Analikokera kumtunda n'kudzalamo anyezi. Koma kubichi sanasiye. Miyendo itayamba kutupa ankapitabe, reki ija ikugwira ntchito ya ndodo, kupita m'mawa, kubwera madzulo atatopa ngati alima munda. Mayi Lois ankawakalipira kuti adzafera m'bango. Sanafere m'bango. Anagona masana ena pampando wa pakhonde, osadzukanso.

Pamaliro anthu analipo ambiri kuposa amene tinkayembekezera. Che Asani anakhala panja ndi amuna anzawo, ndipo ndi amene anabweretsa ndiwo za anamfedwa. Anthu ankayamba nkhani ya malemu ndi nkhope ya chisoni, koma ikafika pa mbuzi ankabisa nkhope m'zitenje.

Patapita miyezi ingapo ndinapitako ndekha, sindikudziwa chimene chinandituma. Kanjira kaja kanali katatsekeka, ndinachita kuthyola bango ndi manja. Nditafika pamiyala ija ndinaima. Mchenga sunkaonekanso. Zinyalala zinali zitaunjikana mpaka m'chiuno mwa mkuyu, zowola pansi, zatsopano pamwamba, mphutsi zikuchita yakaliyakali. Zaka zonsezi ife tinkati bamboyo amakhala pauve. Sitinkadziwa kuti uve umene tinkauonawo unali wa sabata imodzi yokha, winawo anali atausenza kale pamsana. Panalibe poti n'kukhala, ndiye ndinangoima pang'ono mpango uli kumphuno, n'kubwerera.

Loweruka ku Kawale masiku ano limangofanana ndi Lachiwiri. Anthu amatsegula mashopu, amatseka, palibe woti timukanire kanthu.

Madzulo a tsiku limene ndinapita kubichi lija, ndikutsuka mapazi pakhomo, Mayi Lois anandiona ali pakhonde pawo. Anayang'ana matope a m'miyendo mwanga ndipo sanafunse kumene ndinapita.

"Kuli bwanji?" anatero.

"Kukununkha, Amayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akumwetulira.

"Ndiye kuti bichi ikadalipo."