A Msoko ndi Jekete ya Pakhonde

A Msoko sankapereka moni kwa munthu asanagwire chovala chake. Mukakumana nawo pamsewu, dzanja lawo linkalambalala lanu n'kukatsina mkono wa jekete, kenako n'kutembenuza kolala kuti aone kasokedwe. Akakhutira, m'pamene ankafunsa za kunyumba. Dzina lawo lenileni linatha ngati sopo. Ngakhale akazi awo ankawaitana kuti a Msoko.

Anali dalaivala wa thiraki, wa maulendo a kunja. Anzawo akawoloka malire ankafunsa kodyera ndi kogona. Iwo ankafuna telala. Tsono poti zilankhulo za eni dziko sankazidziwa, anali ndi njira yawoyawo: kuima pamphambano n'kudikira nkhalamba yovala bwino.

"Anyamata musawatsate, amavala za m'sitolo," ankatero. "Tsatani gogo amene jekete yakalamba naye limodzi koma phewa silinagwe. Ameneyo ali ndi telala wake, ndipo tsiku lina batani lidzaduka."

Zonsezi ankazifotokozera pakhonde la atelala a m'dera lathu, bambo wofatsa wa magalasi omanga ndi ulusi, mwini makina opalasa ndi phazi. Kwa zaka zoposa makumi awiri, a Msoko akabwerako ku ulendo ankafikira pamenepo fumbi likadali m'nsidze, n'kuyala jekete yatsopano pathebulo.

"Taonani, amisiri, mmene amasokera anthu oopa Mulungu."

"Ndaona."

"Simunaone. Masulani nsalu ya mkatiyo muone bwino, mukatha mubwezeretse mmene inalili."

Atelala ankamasula, ankaona, ankabwezeretsa. Koma mumtima munali kanthu. Iwo ankasokera aphunzitsi, abusa ndi akuluakulu a m'maofesi, pamene a Msoko ankangowapatsa mabatani ndi mipendero ya thalauza. Jekete ayi. Chonsecho m'dera lonse, munthu amene mawu ake ankamveka pa za jekete anali yemweyo. Atelala ankalakalaka kumva liwu limodzi lokha kuchokera kwa iwo: "Ndiyezeni."

Kunyumba nako kunali madandaulo. Akazi awo ankati m'kabati muli amuna khumi ndi anayi, onse a mapewa abwino, koma denga likadontha wokwerapo palibe.

Chaka china, mvula itangoyamba, a Msoko anabwerako chimanjamanja, ali ndwii. Atelala anawakoka pang'onopang'ono ngati ulusi mpaka nkhani inatuluka. Mumzinda wina wakutali anaona nkhalamba ya suti yakuda, yogona pathupi ngati madzi. Anaitsata misewu isanu mpaka inalowa m'kanyumba kena. Iwo analowanso poyesa kuti ndi kwa telala, anadziloza pachifuwa, natambasula manja. Mkulu wa suti yakuda uja anawayang'ana mwachisoni, natulutsa tepi yoyezera.

"Anandiyeza kuyambira kumutu mpaka kuchidendene, kenako m'mapewa. Basi. Ndinati koma uyu ndiye katswiri, m'chiuno angoyeza ndi maso."

"Ndiye?"

"Ndiye anandilowetsa kuseri. Ine ndimati ndikukasankha nsalu. Amisiri, kunali utuchi."

"Utuchi?"

"Ndi mabokosi a maliro, osanjikizana mpaka kudenga. Mwini wake akusisita lina, akundionetsa zogwirira."

Atelala anaseka mpaka phazi linapalasa makina popanda nsalu.

"Mukuseka chiyani? Ndisanathawe ndinamutembenuza kolala. Dzina la telala wake linali pomwepo. Ulendo wina ndikafikira komweko."

Ndipo anakafikiradi.

Chilimwe china maso awo anayamba kuchita nkhungu, thiraki anaisiya. Kenako thupi linayamba kutha. Majekete a m'mayiko aja ankawalendewera ngati apachikidwa pamsomali. Mitengo itayoyola masamba, mphepo ya chisanu itayamba kulowa m'makhonde, anatulukira kwa atelala ndi ndodo, kukhwapa atapana nsalu yotuwa imene anagula kunja kalekale.

"Mwabwera kuti ndibweze majekete aja?" anafunsa atelala.

"Amenewo anasokera munthu wina, wonenepa. Musawakhudze." Anaika nsalu pathebulo. "Ndiyezeni."

Tepi inawagwa kawiri atelala. Anasoka masiku asanu ndi anayi, ntchito za ena zili phee pambali. Zonse zimene anaona m'kati mwa majekete a eni kwa zaka zonsezo anazipeza zili m'zala. Phewa lamanja la a Msoko linali lotsika chifukwa cha chiwongolero; analikweza mobisa, osanena kanthu.

Tsiku loyesa, msewu unaima. Wometa tsitsi wa pafupi anasiya munthu mutu uli theka. A Msoko anavala, anatambasula manja ngati agwira chiwongolero, anakhala, anaimirira. Kenako anavula n'kuitembenuza. Poti maso sankawathandizanso, anayendetsa chala mumsoko uliwonse, kuchokera kukolala mpaka pansi, pang'onopang'ono ngati mlimi woyendera mizere itamera. 

"Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Kwa munthu wina wovuta."

A Msoko anavalanso, anamanga batani lapakati.

"Mayiko asanu ndi anayi, amisiri," anatero. "Nsapato zanga zonse zija, chonsecho telala anali pompano!"

 Anatenga ndodo, natsika khonde ali njo ngati mnyamata. Atelala anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale analibe fumbi.

Jekete imeneyo anaivala chisanu chimodzi chokha, m'mawa ndi masana, kumsika ndi kuchipatala. Anatisiya mphepo isanathe.

Tsopano mvula yabwera kawiri, yapita kawiri. Amuna a m'dera lathu amayenda mwamtendere, makolala atapindika, mathumba atakhota, popanda wowatsina pamkono. Ena amati n'zabwino, koma amanena motsitsa mawu. Pakhonde makina akulirabe. Atelala akamaliza jekete amaisita, amaipachika, mwini wake n'kubwera. Amaivala, amadziyang'ana pagalasi, n'kunena kuti, "Yakongola, atelala."

Atelala amadikira pang'ono, manja ali kumbuyo. Koma munthuyo amakhala atatsika kale khonde, mkati osayang'anamo.