Makina Opumira Olankhula Chipwitikizi

Lolemba

Kalata yabwera. A Metroni andiwerengera chiimirire pakhomo la wodi: makina opumira amene anatipatsa anthu akufuna kwabwino chaka chatha, akapezeka asakugwira ntchito Lolemba likubwerali, galimoto idzawatenga kupita nawo ku Blantyre. Akapita, aliyense wobanika kuno aziwatsatira komweko pa ambulansi, ikapezeka.

Makinawo akadali m'bokosi kusitolo. Pamwamba pake pali ndowa ziwiri ndi ambulera ya munthu wina.

Nesi amene anapita ku maphunziro a masiku atatu a makinawa ndi ine. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Pulani, kuseri kwa kalendala:
Lachiwiri, kutsegula bokosi.
Lachitatu mpaka Lachisanu, kuphunzitsa anzanga asanu ndi mmodzi.
Loweruka, mayeso.
Lamulungu, KUPUMA. Ndadula mizere iwiri kunsi kwake. Masabata atatu tsopano Lamulungu likundipeza m'yunifolomu.

Zophunzitsa ndi njira zinayi basi:
1. Makina apumira munthu kotheratu, muyezo wa mpweya womwewo nthawi zonse.
2. Makina apumirabe munthu, koma choyezedwa ndi mphamvu yokankhira mpweya, kuti mapapo asavulale.
3. Kugawana: makina apuma kangapo pa mphindi, pakatipo munthu adzipumira yekha.
4. Munthu ayamba yekha kukoka mpweya, makina angomuwonjezera mphamvu.

Zosavuta. Ngakhale mwana wa sitandade faifi atha kumva.

Lachiwiri

Bokosi latsegulidwa. Pulagi ndi ya mano awiri obulungira, masoketi athu ndi a mano atatu. Adaputa yapezeka pa ketulo ya a Makwinja, a kiliniko athu olembera odwala mankhwala. Akuti ndizibweza ikamakwana teni koloko, nthawi ya tiyi.

Makina ayaka! Alira bwinobwino. Kenako alemba mawu, ndipo onse ndi a Chipwitikizi. A ku maphunziro aja anali a Chizungu. Posinthira chiyankhulo payenera kukhalapo, koma kuti upapeze uyambe wadziwa Chipwitikizi. Kabuku kake nakonso chimodzimodzi.

Ndayesa kumasulira pa foni. Chichewa chimene yatulutsa foni, bola Chipwitikizi chomwe.

Ndafunsa chipatala chonse. Pafupifupi tonse agogo athu anachokera kutsidya ku Mozambique, koma chimene anatisiyira ndi "obrigado" ndi mayina a mowa.

Wapezeka mmodzi, pa bedi folo. Bambo Juwawo, anali kapitawo pa esiteti ya tiyi, anabadwira ku Mozambique ndipo sukulu anayambira komweko. Chifuwa chakale cha fodya wa chingambwe, chiperoni cha sabata ino chawagwetsa. Ndevu mpaka pa batani lachiwiri. Ngakhale kachubu ka okosijeni amakakankhira pachipumi ndikangotembenuka.

"Makina amenewo amayamwa mpweya wa munthu, mwananga. Amene mwamuika pamenepo timangomva mawa lake kuti zovuta. Kuwerenga ndiwerenga, bola musandiloze nawo."

Ndawauza kuti ndi othandiza munthu kupuma. Akuti iwo anapuma kale, kampani inawapatsanso njinga potsanzikana.

Lachitatu

Oitanidwa asanu ndi mmodzi, obwera anayi. Mmodzi wafunsa ngati pali zoziziritsa kukhosi. Palibe. Otsala atatu.

Kalasi ili m'wodi momwe, chifukwa womasulira sachoka pabedi. Makina ndawaimika mapazi khumi kuchokera pa bedi folo, atayang'ana kukhoma. Ine ndimakopera mawu pa pepala, kupita nawo kwa a Juwawo, n'kubwerera. Ndayenda mtunda wokafika ku Nkando.

Kathumba koyesera, koimira mapapo, m'bokosi mulibe. Ndamangirira golovesi kumapeto kwa chubu. Makina akakankha mpweya, golovesi ikufufuma n'kutambasula zala, kupereka moni. Wodi yonse ikubweza.

A Juwawo awerenga njira yoyamba, ine ndafotokoza. Iwo: "Aa, ameneyo ndi kapitawo. Makilo ake ndi omwewo, kaya kukugwa mvula kaya msana ukuwawa."

Njira yachiwiri: "Kapitawo yemweyo, koma woopa kung'amba thumba. Amatsendera masamba, likayamba kulira amasiya, kaya ladzaza kaya ayi."

Ine ndinatenga masiku atatu ku Blantyre kuti ndimve zimenezi. Anzanga atatu aja alemba mawu a a Juwawo, anga sanalembe.

Teni koloko. Adaputa yabwerera ku ketulo. Kalasi yatha.

Lachinayi

Obwera awiri. Wachitatu watumiza uthenga, kuli maliro ku Milonde.

Njira yachitatu, yogawana ija. A Juwawo akuti ndi ganyu ya anthu awiri m'munda umodzi, mzere uwu wako, uwu wanga, ukatopa mnzako sasiya yake.

Ndili mkati mofotokoza, makina ayamba kukuwa, nyali yofiira, mawu amodzi akuluakulu: FUGA. Ndathamanga ndi pepala.

"Akuti wina wathawa."

Ndatembenuka, benchi ili yokha! Mmodzi amuitana ku matenite, winayo sindikudziwa. Ndaseka mpaka misozi. Makina akudziwa kale anthu a pano.

Chenicheni ndi chakuti golovesi yabooka pa chala chachikulu, mpweya ukutuluka. Kwa makina, mpweya ukamadontha ndiye kuti ukuthawa.

A Juwawo sanaseke. "Mawu amenewo sindinawaphunzire m'kalasi. Tinawayenda ndi miyendo, ine ndi awa, nthawi ya nkhondo, mpaka tinawoloka malire pa Muloza." Aloza akazi awo, amene akhala pa mkeka pambali pa bedi chibwerere Lamulungu lapitali. Mayiwo angopitiriza kusenda chinangwa.

Ndachita manyazi ndi kuseka kwanga. Ndasintha golovesi.

Zimene zatheka lero:
golovesi yatsopano,
liwu limodzi la Chipwitikizi,
basi.

Lachisanu

Obwera: palibe. Wodi ya ana yadzaza, anthu ndi ochepa, ndipo sindingawanene. Koma ndikuwanenabe mumtima.

Ndaphunzitsa benchi. Njira yachinayi. A Juwawo awerenga, "pressão de suporte," n'kudikira. Ndafotokoza kuti pamenepa makina salamula. Munthu akayamba kukoka mpweya, makina amamva n'kumukankhirako kuti asatope. Sipafunikanso chubu cha kukhosi, masiki ya kumaso imakwana.

A Juwawo asisita ndevu.

"Kumeneko ndi kutwika. Iwe wagwada, wagwira mtolo, wayamba kunyamula. Mnzako angoufikitsa pamutu."

Poti mapepala a mayeso a mawa ndawasindikiza kale, ndawafunsa mafunso onse khumi. Akhoza asanu ndi anayi. Limene alakwa, ndikayang'anitsitsa, ndinalilemba molakwika ndine.

Koma akuyankha mawu awiri, kuima, mawu awiri, kuima. Mapewa akukwera ndi kutsika. Manambala a kachipangizo ka pachala akutsika chiyambire m'mawa. A Makwinja awonjezera mankhwala, ndipo anena za masiki. A Juwawo agwedeza ndevu kukana.

Akazi awo: "Asiyeni a nesi, awa ndi nkhutukumve. Tinakwatirana ali choncho."

Ndili ndi mantha. Za kalata ija ndayamba kuziiwala.

Loweruka

Tsiku la mayeso. Olemba palibe, mapepala ndapsinja ndi ndowa.

Naini koloko m'mawa a Juwawo milomo yada, thukuta m'nyengo yozizira chonchi, maso akufuna kutseka okha. A Makwinja anena mosabisa: masiki tsopano lino, apo ayi ku Blantyre, kumene akawagoneka tulo n'kuwalowetsa chubu kukhosi. Ambulansi yapita kukatenga mayi woyembekezera ku Milonde, ibwera nthawi yake.

Ndakoka makina, ndawatembenuza kuyang'ana bedi folo. Koyamba sabata ino.

"Uti?" atero a Juwawo.

"Wotwika, bambo."

"Kapitawo ayi. Ndakhalapo kapitawo... ndimamudziwa."

"Si kapitawo."

"Woyamba... ndine?"

"Woyamba ndinu. Mukaiwala, m'pamene azikukumbutsani."

Apempha kuti aone okha. Ndawayandikizira makina, atsata ndi chala mpaka apeza mawu a dzulo aja. Agwedeza mutu kuvomera.

Masiki kumaso, malamba kumanga. FUGA! FUGA! Ndamangitsa. FUGA! Ndasintha masiki, ndaika yokulirapo. FUGA! Mpweya wonse ukuthawira m'ndevu, zikungouluzika ngati udzu wa padenga.

Ndisanamalize kunena, akazi awo aja atulutsa sizasi ndi lezala m'chikwama, zokulunga bwino m'kansalu. Sindinafunse kuti akhala nazo kuyambira liti.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikunena. Lero anena ndi makina, m'chiyankhulo chanu chomwe."

Mphindi zitatu, chibwano mbee, ine nditagwirizira okosijeni pamphuno. Masiki yagwira. Nyali yofiira yazima. Akakoka, makina akutwika. Akakoka, makina akutwika. Ndaima pomwepo osasuntha kufikira mapewa atsika ndipo manambala ayamba kukwera pang'onopang'ono.

Teni koloko a Makwinja afika ndi kapu m'manja. Ayang'ana adaputa, ayang'ana a Juwawo, abwerera ndi kapu yawo.

Lamulungu

Zotsatira za sabata:
Ophunzitsidwa, mmodzi, ndipo ndi wodwala.
Chiyankhulo cha makina, Chipwitikizi.
Kathumba koyesera, sikanapezeke.
Ketulo ya a Makwinja, yozizira.
Ndevu, zili m'pepala, mayi akuti akazisonyeza ana.

A Metroni abwera kuchokera ku tchalitchi ndi duku lawo la mvano. Aona okha, ayimba foni. Galimoto ya mawa isavutike, makina ali ndi munthu. Andiyamikira kwambiri. Kenako andikumbutsa kuti poti wodziwa makinawa ndine ndekha, ndisachoke pa wodi mpaka a Juwawo atasiyana nawo. Mwina Lachitatu, mwina kupitirira.

Ndapachika pepala pa makina, lolembedwa ndi dzanja langa: kapitawo, kapitawo woopa thumba, ganyu, wotwika. Pansi pake: FUGA, yang'anani ndevu. Anzanga awiri aima n'kuwerenga popita ku tiyi. Mmodzi wajambula pa foni. Kaya.

Masana ndachotsa masiki kwa kanthawi kuti a Juwawo amwe phala. Akudandaula kuti chibwano chikuzizidwa. Mawu akutuluka asanu, asanu ndi limodzi, osaima. Aona kalendala ili m'thumba la yunifolomu, apempha, awerenga pulani yonse mpaka pa mizere iwiri ija.

"Iwe mwananga, wokutwika wako ndani?"

Ndawabwezera masiki kumaso.

Kunja chiperoni chikadalipo, phiri silikuoneka. Zovala zanga kunyumba zanyowanso pa chingwe. Ndafufuta mzere wa Lamulungu pa kalendala. M'wodi muno aliyense akupuma, wosapuma ndine ndekha.