Gudumu Lotchedwa Sawasawa

Mukafika pa Mbamba Bay pano n'kufunsa fundi, ndiye kuti mmisiri, wa njinga wochokera ku Malawi, anthu amayamba amwetulira kenako n'kukulozerani pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Kumwetulirako kuli ndi mbiri yake, ndipo ndi bwino muimve kwa ine mwini wake, chifukwa amake Chisomo, akazi anga, akamaifotokoza amakometsera mopitirira.

Nthawi imeneyo n'kuti titangowoloka nyanja kuchokera kwathu ku Dwangwa. Malo apansi pa mangowo anandibwereka a Mzee Ndomba, mkulu wa kutchalitchi kwathu, ndipo ananeneratu kuti akadzangomva dandaulo limodzi, ndidzanyamule masipanala anga. Kwa mlendo ngati ine, mthunzi umenewo ndiwo unali munda. Vuto linali Chiswahili. Akazi anga anachigwira msanga pogulitsa mandasi, koma ine ndinkadziwa moni, manambala, ndi mawu amodzi amene ndinkawadalira zedi, oti "sawa", ndiye kuti chabwino. Munthu akayankhula zambirimbiri ndinkangogwedeza mutu n'kunena kuti sawa, sawa (fundi wofunsafunsa anthu amamukayikira, mmene ndinkaganizira ine).

Tsiku lina Lachisanu m'mawa panafika mayi wina wamfupi, wa minofu m'miyendo, atanyamula magudumu awiri. Anali Bi Tekla wa ku Songea, wochita masewera odabwitsa anthu aja kuno amati sarakasi, ndipo mawa lake masana anali ndi chionetsero pabwalo lapafupi ndi doko. Gudumu loyamba linali lodzazidwa thabwa m'kati monse, mapedulo awiri atamangidwa pathabwa pomwepo, ina uku ina uko. Felemu panalibe, chishalo panalibe, tcheni ndiye musanene. Lachiwiri linali lomvetsa chisoni kwambiri. Linalibe ngakhale mapedulo, koma tizitsulo tiwiri tafulati tolendewera pa ekisero.

Mayiyo anayankhula mothamanga, manja akuloza uku ndi uku. Pa zonsezo ndinatolapo mawu awiri. Anagunda la tizitsulo lija n'kunena kuti, "Hili, Haiwezekani." Anagunda la thabwa lija n'kunena kuti, "Hili, Mwisho."

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Haiwezekani ndiye kuti sizingatheke, mwisho ndiye kumapeto. Ndiye m'mutu mwanga zinalowa motere: ili simungalithe inu, linalo mulikonze pomaliza. Ndinati sawa, sawa, koma ndinaona kuti wandinyoza. Ine amene ndinawongolapo njinga yopondedwa ndi thirakitala ya nzimbe, munthu andiuze pamaso pa ogulitsa tomato kuti sizingatheke?

Atangotembenuka ndinaligoneka pansi lija losathekalo. Ndinamasula tizitsulo tija, ndipo popeza benchi yanga inkatsimphina mwendo umodzi, ndinatiika pansi pake (benchiyo inakhala bwinobwino, zimenezo ndisabise). Ndinapita nalo kwa owotcherera zitsulo, tinawotcherera ekisero ku habu, pakati pa gudumu paja, kuti zizizungulira limodzi, kenako n'kulumikizapo mikono ya mapedulo ya njinga ina yakufa. Owotchererayo anandifunsa ngati mwini wake watero, ine n'kuyankha kuti sawa. Pobwerera ndinalipakanso penti yofiira yotsala pa chikwangwani changa. Madzulo kunyumba ndinadya modzitama, ndikuuza amake Chisomo kuti mawa Atanzania adziwa kuti ku Dwangwa kuli amuna. Iwo anangofunsa kuti, "Mwamva zonse zimene ananena mayiyo?" Ndinawayankha kuti azisamala za mandasi awo.

Loweruka m'mawa ndinatenga la pomaliza lija. Pedulo imodzi inkagwedera, koma ine ndinaona kuti imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Munthu angakwere bwanji chinthu chopanda pokhala? Ndinafukula foloko yakale ndi chishalo, ndinalemba kadontho pakati pa thabwa, ndipo ndinali nditangoika nsonga ya chiboolero pakadonthopo pamene Bi Tekla anatulukira.

Sanakuwe. Anandilanda chiboolerocho mofatsa ngati mmene mayi amalandira mwana mpeni. Kenako anaona lofiira lija litatsamira mtengo. Analizungulira, analipukusa pedulo ndi chala, n'kukhala pa benchi yanga. Ine ndinaima chapatali ndikudikira kuyamikiridwa.

Anthu apamsika amanunkhiza mlandu kutali. Posakhalitsa ogulitsa tomato, a bodaboda (akabaza a kuno), ngakhale a Mzee Ndomba ndi ndodo yawo anali atatizinga. Amake Chisomo anafika ndi beseni pamutu, anayankhulana ndi mayiyo pang'ono, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza m'Chichewa.

"Bambo a Chisomo, aja ndi maina. Maina a magudumu."

Anandimasulira zonse. Njinga ya gudumu limodzi yodziwika ija imakhala ndi foloko ndi chishalo. Mukachotsa zonsezo n'kutsala gudumu ndi mapedulo okha, ndiye Mwisho, poti palibenso china choti muchotse n'kumapalasabe. Mukachotsanso mapedulo n'kusiya tizitsulo topondapo, munthu n'kumangoimirira gudumu likudziyendera lokha pakati pa miyendo, ndiye Haiwezekani, poti aliyense woona amati sizingatheke. Mayiyo anapempha zinthu ziwiri zokha: ndimange pedulo yogwedera ya Mwisho, ndipope Haiwezekani. Kupopa basi, abale anga. Ndipo Haiwezekani ndiyo inali yotsekera chionetsero, imene anthu amaponyera ndalama.

A Mzee Ndomba anafunsa mokweza ngati fundi wawo walakwitsa kanthu. Ndinayamba kale kuwerenga masipanala anga ndi maso. Bi Tekla anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ananso beseni la akazi anga ndi nsapato zanga zong'ambika, kenako anaseka pang'ono n'kuuza a Mzee kuti palibe cholakwika, anaitanitsa gudumu latsopano ndipo fundi wapanga. Anangowonjeza kuti Haiwezekani wina akufunika dzuwa lisanafike pamutu.

Sindinayambe ndagwirapo ntchito mothamanga chotero. Ndinagwetsa njinga yanga yomwe, yokhayo imene ndinabwera nayo pa sitima, n'kuzula gudumu lakutsogolo. Tizitsulo tija ndinatitulutsa pansi pa benchi Bi Tekla atakhalabe pomwepo (anangotukula miyendo). Ulendo uno chilichonse ndinkafunsa, amake Chisomo akumasulira mawu ndi mawu, mandasi akuzizira m'beseni. Pedulo ya Mwisho inanditengera nthawi yochepa kuposa kumwa tiyi.

Ndinkayesa ndapulumuka. Masana pabwalo, anthu atadzaza, Bi Tekla anakwera Mwisho akuponya mipira m'mwamba, anthu n'kumaomba m'manja. Kenako ananyamula Haiwezekani n'kulengeza kuti gudumuli langokonzedwa kumene, ndiye woyamba kuliyesa akhale fundi mwini wake. Mawu oti fundi ndinawamva, anthu onse akundiyang'ana, ndipo pakamwa panga panatuluka chimene panazolowera: sawa.

Anandigwira manja, ndinaponda kachitsulo kamodzi, kenako kachitsulo kachiwiri, iye n'kumayenda chafutambuyo akundikoka. Mpaka pamenepo zinkayenda. Koma bwalolo limatsetsereka pang'ono kulowera kumchenga, ndipo atangondisiya, ndinazindikira kuti chinthuchi chilibe buleki, chilibe pogwira, chilibe popempherera. Tayala linkandipala m'akakolo, manja anga akupalasa mphepo. Ndinadutsa a Mzee Ndomba ndikukuwa m'Chichewa chenicheni cha ku Dwangwa, n'kukathera pa thandala loyanikapo usipa. Ndinadzuka usipa uli m'tsitsi, m'kolala, wina m'thumba la malaya. Mwini usipayo ankafuna kukalipa koma kuseka kunamulepheretsa.

Bi Tekla anatola gudumulo, analikankha, analumphirapo likuyenda n'kuzungulira bwalo lonse manja atapinda pachifuwa. Pomaliza anatulutsa lofiira lija, chopangidwa ndi umbuli wanga. Ndinatseka maso. Nditatsegula, anali pamwamba pake akupalasa, miyendo itatang'adza pang'ono chifukwa mikono ya mapedulo inali yaitali, koma akuyenda ndithu. Munthu wina anafunsa dzina la limenelo. Mayiyo anaima, anandiloza, n'kunena kuti ili ndi la fundi wa ku Malawi, ndipo dzina lake ndi Sawasawa.

Bwalo lonse linagwa ndi phwete, poti aliyense amene anabweretsapo njinga kwa ine ankawadziwa mawuwo. A Mzee Ndomba anaseka mpaka kutsamira ndodo, ndipo Lolemba anandibweretsera njinga yawo kuti ndisinthe tcheni. Mthunzi uja ndili nawo mpaka lero.

Mayi amene uja ndimamuthokoza kuchokera pansi pa mtima. Akanangonena zoona pamaso pa a Mzee, bwenzi titabwerera ku Dwangwa ndi manyazi. Gudumu lakutsogolo la njinga yanga anapita nalo, ndipo sindinalirepo nalo. Nthawi zina amatumiza chithunzi pa foni ya akazi anga, ali pa Sawasawa kwinakwake kumtunda, penti yofiira ija ikuonekabe. Ine tsopano magudumu opanda felemu ndimawasiyanitsa ngakhale nditatsinzina: la mapedulo pathabwa, la tizitsulo topondapo, ndi langa lija.

Sabata yatha kunabwera bambo wina wa ku Lipingo ndi njinga ya olumala ya magudumu atatu. Anafotokoza zambirimbiri, mothamanga, akuloza apa ndi apo, ine n'kutolapo mawu awiri. Ndisanatsegule pakamwa, amake Chisomo, amene masiku ano amagulitsira mandasi awo pafupi ndi benchi yanga, anali atatula kale beseni pansi.

"Anenenso kaye," anatero.

Koma n'kuti ine nditanena kale kuti sawa.